Anthu a M'chitini

Tinachipeza kuseri kwa matumba a kachewere wa mbewu,
chitini chophwatalala,
dzimbiri litadya dzina lake n'kusiyako zilembo zitatu.
Nditachikanula ndi mpeni chinanunkha viniga.
Khumbize anathawira panja atatsina mphuno.

Atsibweni a Lufeyo ali pa ndalema yawo pakhonde,
bulangete mpaka m'khosi,
nkhungu ya ku Bembeke ikuwanyambita zala zakumapazi.
Chino n'chaka chachitatu sitiroko itawamanga lilime.
Atangochiona chitinicho
dzanja lamoyo lija linadzuka
n'kuyamba kupukusa mphepo.

Nkhaniyi ndinaimva mpaka kukhuta nayo:
holo ya sukulu Loweruka madzulo,
mazenera otseka ndi ziguduli,
pakhomo kulipira dzira kapena chimanga chiwiri,
zitini zobwera ndi bulaza wa kumishoni,
zokalamba kale ngakhale nthawi imeneyo,
ndi iwo, mnyamata wa kabudula wa zigamba,
dzanja pa chopukusira,
pakamwa atabwereketsa kwa azungu a ku Amereka
amene anawoloka nyanja osatenga mawu awo.

Wachipewa akayasamula, atsibweni ankati,
"Mayi, ndipatseniko kamchere, ndidzabweza pokolola."
Wapolisi wandevu ankakalipa m'Chingoni
chimene ngakhale mwiniwake woyankhulayo sankachimva.
Sabata ino wachipewa akufunsira mbeta,
sabata yamawa, pamalo pomwepo,
akukana ngongole ya mowa.
Palibe anadandaula.

Makina anapita pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha.
Ndiye ndasolola filimuyo pang'onopang'ono
ndi kuilozetsa ku kadzuwa kofooka ka Juni.
Koyambirira kwamatana,
nkhope zasungunuka ngati shuga wopserera.
Ndasololabe.

Uyo munthu, wasenza makwerero.
Kachithunzi kotsatira: wasenzabe.
Ndawerenga tizithunzi makumi atatu asanatembenuke khosi.
Ndowa ya penti ili m'malere,
sinagwe,
zaka zana zapita sinagwe,
ndipo mayi wa pazenera watsegula kukamwa
kuti amuchenjeze,
watsegula,
watsegula,
pamenepo filimu yaduka.

Aphunzitsi a Chadzunda, atavala magalasi awiri,
akuti kwawo komweko ambiri otere anapsa,
ena anawolera m'zipinda zotseka,
ena anatayidwa dala
atabwera anzawo odziwa kuyankhula.
Akuti mwina wamakwereroyu kulibenso kwina kumene ali
koma muno,
pakati pa kachewere ndi makoswe.
Akutinso ndisayandikire nacho mbaula.

Dzina lake sindilidziwa.
Sindidziwa ngati anamulipira bwino tsikulo,
ngati penti inam'lowa m'maso,
ngati mayi wa pazenerayo anali kumuseka zenizeni.
Amene anaseka naye ku Amereka anagona,
amene anamuseka m'holo muja
ambiri ali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mikungudza.

Ndagwada pambali pa ndalema,
ndatambasula kachidutswako pamaso pa atsibweni,
kuwala kukudutsa mwa anthu aja n'kugwera pa tsaya lawo.
Ayang'ana nthawi yaitali.
Milomo yayamba kugwedera,
yakumanzere ikutsalira,
mtsempha wa pakhosi watupa,
mawu osatuluka.

Khumbize wabwerera, mphuno akadatsinabe.
Waima pambali pawo,
waona pakamwa pawo, waona kachithunzi,
waonanso pakamwa.
"Akuti: iwe wamakwerero, samala ndowayo,
penti ndi ya ngongole!"

Theka la nkhope ya atsibweni laseka.
Dzanja lija likupukusabe,
mofulumira tsopano,
ngati holo yadzaza.

Kumsewu lole ya ogula kachewere yaliza hutala kachiwiri.
Ndakulunga filimu mmene ndathera,
yakana kulowa yonse monga inalili.
Ndaima pakhomo, chitini m'manja,
matumba akundidikira,
ndipo m'nyumba yonseyi
sindikuona poti n'kuchiika.