Khomo Lopanda Nyumba

Malaiti athima ku Kapata hafu pasiti seveni.
Batire yalira ngati mwanapiye pansi pa tebulo
pomwe masana ndimakonzera mafoni a anthu.
Usiku ndimalondera khomo lopanda nyumba.

Keyala yake ndi chingwe cha zilembo
makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi,
lilime silingaitchule.
Amapatsirana pa kapepala kokulungira sopo,
wosankha fodya kwa wosankha fodya mnzake,
nesi kwa amene akumlandira ntchito usiku.
Wogogoda sitimfunsa mfunda,
nayenso sadziwa dzanja lomwe lamtsegulira.

Poyamba makina anali amodzi, anga omwewa.
Mwezi wogulitsa thonje anthu anagogoda onse pamodzi,
makina anapuma wefuwefu, nakomoka.
Mayi wina anali atalemba theka la nkhani
ya sikelo yomwe imadya makilo awiri pa thumba.
Theka linalo sindinalione.
Sanabwerenso.

Nzeru ndinaitola kwa Lekani wa makala
akukankha njinga m'munsi mwa Kanjala mbandakucha:
thumba uku, thumba uko,
lachitatu chopingasa pa kaliyala.
Ukaunjika mbali imodzi, anatero akupukuta thukuta,
ngalande ikudya pamodzi ndi katundu.

Tsono tili atatu.
Tionenji ku Katete ali ndi sola padenga,
Khuzwayo ku Petauke amadalira jenereta ya pachigayo.
Mayinawa si awo. Ku Katete mwina si ku Katete.
Nkhope zawo sindizidziwa,
tikhoza kukhala mpando umodzi m'basi ya ku Lusaka
n'kukangana za windo.

Pakati pathu pali kapitawo wopanda thupi.
Mphindi zingapo zilizonse amaitana mayina:
uli maso? uli maso? nanga iwe?
Woyankha amalembedwa pa chikwangwani,
wokhala chete amafufutidwa popanda mlandu,
alendo ake n'kulozeredwa kwa anzake.

Ndiye batire ikatha sindithamanganso
kukapempha chingwe kwa a butchala.
Ndimakhala mumdima, udzudzu ukundiyimbira,
ndikudziwa kuti penapake mtsikana
wadzifunditsa bulangete ndi foni yobwereka,
akulemba dzina la foromani
ndi zomwe anamuuza kuseri kwa shedi.
Chala chikunjenjemera, wagogoda kamodzi kokha.
Kamodziko wina watsegula.

Malaiti abwera cha m'ma fili koloko,
firiji ya aneba yatsokomola.
Makina anga adzuka, ayankha kuti ndilipo,
asenza gawo lawo ngati sanachoke.

Makalata khumi ndi limodzi alowa ndili mumdima.
Onse athunthu, mpaka kadontho komaliza.
Palibe ndi mmodzi yemwe anadziwa kuti ndinagwa.

Kwacha. Ndatsegula shopu,
kasitomala woyamba wanditukwana
chifukwa sikirini yake sinafikebe.