Diso la Pakhoma

Lolemba mabotolo a saladi anali makumi awiri ndi anayi.
Lachinayi ndinawerenga kawiri, katatu,
ndikuloza ndi chala ngati mwana wa sukulu:
khumi, asanu ndi anayi,
pomwe m'buku ogulidwa ndi awiri okha.
Loko ali bwinobwino. Malata sanakanganulidwe.
A Yokoniya Shawa, alonda a mzere wathu ku Kapata,
analumbira kuti usiku wonse sanaphethire,
ndipo ine ndinawakhulupirira,
poti chifuwa chawo sichiwalola kugona.

Ndiye ndinakwera njinga ya hayala
mpaka ku Down Shops,
kwa mnyamata wa shati yositasita, Kondwelani,
amene amagulitsa maso m'makatoni.

Anawandanda pa tebulo ngati mazira.
"Iyi, mayi, ndi ya mawaya,
ili ndi kabokosi kake kosungira zithunzi,
mwezi wathunthu sikaiwala kanthu.
Iyi imadya dzuwa,
magetsi akathima yokha imakhala ili maso.
Iyi imaona mumdima kuposa kadzidzi,
khoswe akadutsa mumuwerenga ndevu.
Iyi imatembenuza khosi, imalankhulanso:
mutha kukalipira mbala muli chigonere ku Mchini,
bola mufoni musathe bandulo."

Mitengo anandilembera kuseri kwa risiti.
Ine ndalama ndimaiwerenga m'katundu:
yotchipa, mabelo awiri a shuga,
ya dzuwa ija, fizi ya Mailesi ya temu yonse.

Ndinafunsa za fumbi la mu Okutobala,
limene limalowa ngakhale m'botolo lotseka.
Ndinafunsa za mvula yotsika ku Kanjala chopingasa.
Ndinafunsa ikafa adzaikonza ndani,
kapena ndidzangouzidwa kuti dikirani, zichokere ku Lusaka.
Zonse anayankha asanameze malovu.
"Nanga akaiba kamera yomweyo?"
Anaseka. "Imakhala itatumiza kale nkhope yake kwa inu."

Nkhope yake.
Mawuwo anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Pakuti makiyi a shopu ndi awiri basi.
Ena ndimamanga pa mfundo ya chitenje changa.
Ena ali m'thumba la Penjani,
mwana wa malemu mng'ono wanga Tisauke,
amene ndinakamutenga ku Vubwi maliro atatha,
katundu wake yense m'kajumbo kamodzi.
Akamaseka, mano ndi a mayi ake, mpata womwe uja.
Mwezi uno wavala nsapato zatsopano
ndipo sindinamufunse.

Funso lomwe ndinabwera nalo linali lina,
koma ndikanalifunsa bwanji pamaso pa anthu?
Kodi mulibe kamera yoona achilendo okhaokha,
yodziwa kutsinzina wapakhomo akadutsa?

Ndinagula ya dzuwa, imodzi,
ndi kakhadi kosunga masiku khumi ndi anayi.
Pobwerera katoniyo inkandilemera pamiyendo
kuposa kulemera kwake.

Madzulo, titatsitsa chitseko theka,
ndinabwereka makwerero kwa owotcherera zitsulo.
A Yokoniya anaima patali, chibonga m'khwapa,
akuyang'ana kanthu kodzawalanda ntchito.
Ndinawauza kuti kamera sithamangitsa munthu,
siyatsa mbaula, siyankha moni.
Anangogwedeza mutu.

"Penjani, kwera. Maso anga ndi misomali sizigwirizana."
Anakwera. Ndinamugwirira makwerero,
ndikumva kunjenjemera kwa miyendo yake m'manja mwanga.
Anakhoma, anamanga, anapukuta galasi ndi malaya.
Kenaka, osanditembenukira:
"Amama, iyang'ane kuti? Kumsewu?"

Njinga zinkadutsa. Wina ankakazinga chinangwa.
Ndinati, "Iwe ndiwe uli pamwamba. Ukuona bwino kuposa ine."

Anakhala chete nthawi yoti munthu n'kumwa madzi.
Kenaka pang'onopang'ono anaipotoza khosi,
kuichotsa kumsewu,
kudutsa pa chitseko,
mpaka inaloza shelefu ya saladi
ndi kabati ya ndalama,
pamalo pomwe iye amaima tsiku lonse.

Kagetsi kofiira kanayamba kuphethira.
Anatsika osandiyang'ana.
Foni ili m'chikwama. Mpaka lero sindinatsegule.