Wonga Wina

Chitini cha Arlen chatha.
Ndachigwedeza m'galaja m'mawa uno,
tinjere titatu tagwa pathebulo ngati mbewu za fodya.

Ku Minot, Duane wa m'sitolo ya mfuti wapukusa mutu:
wonga umenewo anasiya kubweretsa chaka chatha, mayi Tvedt.
Wandiikira zitini ziwiri pakauntala.
Uwu umapsa msanga, uwu umachedwerako pang'ono,
onse alibe utsi, onse amayenera tizigoba ta kamfuti kanuko.
Koma musathire ndi muyeso wa malemu.
Tsegulani buku la fakitale, muyambire pansi.

Ndatenga wochedwerawo. Chifukwa sindikuchidziwa.
Mwina poti dzina lake ndi lalifupi.

Usiku nyali ikuwalira pasikelo,
kope la Arlen lili pambali,
manambala ake opendekera ngati mpanda wakumpoto
umene anausiya osakonza.
Zaka makumi atatu dzanja lake linkadziwa muyeso umodzi.
Langa likunjenjemera ndi kasupuni,
ndichotse kanjere, ndibwezere,
mpaka singano itaima.

Zisanu zokha lero.
Mawa ndikaziyesa pathabwa kuseri kwa nkhokwe,
chigoba chilichonse ndikachitembenuza padzuwa
kuona ngati chatupa.

Kunja chipale chofewa chakwirira msewu.
Nkhandwe zikulira kutsidya kwa khola,
ndipo nkhosa zayamba kuswa sabata ino.
M'kope muja, pansi pa dzina la wonga wake,
ndalemba dzina lina ndi inki yabuluu.
Iye ankalemba ndi pensulo.