Taima Pang'ono

Kuchoka pa Lizulu kukafika pa boma
ndi ulendo wosatha ola,
koma ndi bambo anga, a Ngozo, dzuwa linkatipeza panjira.
Matumba a kachewere kumbuyo kwa lole,
iwo pambali panga, chipewa pabondo.
Tisanafike pa Mlangeni:
"Mwanawe, taima pang'ono."
Ankatsika n'kuzemba kuseri kwa bulugama,
ine n'kumawerenga maminibasi otidutsa.
Pobwera, nsonga ya nsapato yokha itanyowa,
ankati, "Tiye. Ndi chisanuchi."

Pa Biriwiri, kachiwiri.
Ndinkang'ung'udza za dizilo.
Mulungu andikhululukire, ndinkang'ung'udza za dizilo.

Mayi ankadziwa.
Chitseko chinkalira kasanu usiku umodzi,
iwo n'kuthira mafuta ophikira m'mahinjesi
kuti adzukulu asamve.
Mankhwala tinapatsa chitseko.

Nanga munthu wovina ngoma,
chishango kudzanja, fumbi kobo,
angauze bwanji mwana wake
kuti madzi akungodontha ngati mpopi wakutha?
Msana utayamba, anati ndi matumba.
Mkodzo utafiira, anati alipo wawatchera kudimba.
Tinawoloka msewu kulowa Mozambiki,
mbuzi ziwiri zinatsala komweko,
ife tinabwerako ndi mizu m'botolo.

Usiku womwe njira inatsekeratu
ndinamva kulira kumene sindinakumvepo chibadwire.
Sitinaime pa Mlangeni.
Sitinaime pa Biriwiri.

Dokotala, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga,
anafunsa motsitsa mawu: "Zinayamba liti?"
Bambo anayang'ana kudenga.
Ndinawerenga zokolola pa zala:
zinayi.
Anati pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense
pali kachiwalo konga kachewere wambewu,
dzina lake pulositeti.
Anati khansa inamera pamenepo,
yayanga kale mpaka m'mafupa.
Sananene kuti tachedwa.
Anangotseka faelo pang'onopang'ono.

Tinawaika mu Juni, nkhungu itaphimba phiri.
Chitseko chija sichiliranso.

Ine ndakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.
Sindidzuka usiku, msana uli bwino,
thumba ndimanyamula ndekha.
Koma mtsikana uja anandigwira mkono pakhonde:
"Matendawa poyamba sagogoda.
Poti bambo anu anali nawo, inu musadikire kudwala."

Ndinapita Lachiwiri, nditavala jekete ya kumaliro.
Pabenchi amayi okhaokha ndi makanda,
mwamuna ndinali ndekha ngati tambala pasikelo.
Anatenga magazi pang'ono.
Kenaka katani, golovesi,
ndi chija amuna timaseka pabawo
kuti ine ayi, bola kufa.
Ndinaluma mano, ndinayang'ana kalendala yapakhoma.
Ndisanamalize kuwerenga masiku a sabata
anati, "Valani, tatha."

Basi?
Manyazi onse aja kutalika kwake n'komweku?
Bambo anawasenza zaka zinayi.

Anandiuza kuti si kutupa kulikonse kuli khansa,
kwina ndi ukalamba chabe ndipo kuli ndi mankhwala,
ndipo nayo khansayo ikapezeka isanayende
munthu amabwerera kumunda.
Zanga zinatuluka bwino.
Tsiku lobwereranso ndinalilemba kuseri kwa laisensi.

Mng'ono wanga Alufeyo akukanabe.
Akuti thupi lake sililowa m'manja mwa ana.
Ndamuuza kuti mbewu ya chaka chino sindimukongoza
mpaka andionetse kabuku ka kuchipatala.
Sitikuyankhulana.
Aziti ndine wankhanza ali moyo.

Ndikuyendabe msewu womwewu.
Dzulo ndinanyamula mkulu wina wa kabichi,
wa imvi, waulemu, wosayankhulayankhula.
Titangodutsa pa Mlangeni anakhosomola:
"Adalaivala, taimani pang'ono."
Ndinaima. Za dizilo sindinanene.
Atabwera, ndinaona nsapato yake,
ndinazimitsa injini,
ndinatsitsa wailesi.

"Bambo, musandiyese wamwano.
Zinayamba liti?"