Kagudumu Kochepetsa Mawu

Bokosi ndinamaliza Lachiwiri.
Chitini cha mabisiketi, mabowo anayi kumbuyo,
limodzi kutsogolo, likundiyang'ana ngati diso la nkhuku.
Mulibe batire m'menemu, mulibe chingwe cha magetsi.
Nyimbo ilowa uku, ituluka uko,
pakati pangofunika mlonda mmodzi
wodziwa kunena kuti: basi, dutsani ochepa.

Ndiye ndapalasa njinga mpaka ku Kaphatenga,
dzuwa la Okutobala litawotcha chishalo,
kwa Che Mkwepu, ochiza mawailesi
pakhonde la sitolo ya feteleza.
Akhuthula botolo la mayonezi pa thebulo,
khutu! timagudumu ta mawu,
tina tatsopano, tina tikadali ndi mtovu kumiyendo
ngati ana obwera kudambo.

"Ka A kapena ka B?"
Ine duu.
"Ka B nkowongoka ngati njanji ya ku Chipoka.
Ukangokhudza, mudzi wonse wadzuka.
Khutu la munthu siliyenda panjanji, mphwanga.
Ka A kamayamba ndi kukwawa,
kuimirira, kenako ndiye liwiro.
Tenga ka A."

Nanga manambalawa?
Akanda ndevu ndi sikuludiraiva.
"Ka handiredi kei nkaulemu, sikalemetsa mwini nyimbo,
koma waya wako akatalika
timawu ta chisekese timatsalira m'njira,
imafika ng'oma yokha, itafunda bulangeti.
Ka teni kei kamapempha zambiri.
Choimbira chako chikadali ndi msana? Chisenza."

Sindinawauze zonse.
Sindinawauze kuti Nachisale ali pa ntchito ya usiku kuchipatala,
kuti Sungeni amagona ngati mbalame, diso limodzi panja,
kuti khoma lathu ndi la njerwa imodzi
ndipo kuseri kwake Mayi Asiyatu
amadzuka tambala asanalire kukakazinga mandasi.
Ine nyimbo ndimamvera pansi penipeni,
pomwe phokoso limapatsana moni ndi chete.
Ndipo pomwepo mpamene kagudumu kotchipa kamanama:
sipika ya kumanzere imayamba kufa,
woimba amapendekera mbali imodzi
ngati kabaza atanyamula thumba la makala.

Ndinangoti, "Ndikufuna kolankhula mbali zonse mofanana,
ngakhale ponong'ona."

Anaseka. Pansi pa thebulo anatulutsa kena,
kokhala ndi makwerero makumi awiri ndi anayi,
kete, kete, kete, ponda lililonse loyezedwa.
Mtengo wake atatchula
ndinaona thumba la chimanga likutuluka m'nyumba mwanga
likuyenda lokha.
Bwezerani, Che Mkwepu.

Tsono mita ija, ya galasi long'aluka.
Koyamba: mbali iyi naini, inayo leveni. Ponya uko.
Kachiwiri kakulira mchenga m'mimba.
Kachitatu kalibe ulusi womangira nati.
Wogula mabatire wabwera, wapita.
Kachisanu ndi chiwiri anachita kukazula
m'chiwailesi chachikulu, chafumbi,
cha mphunzitsi wina amene anati abwera mawa,
mvula zisanu ndi imodzi zapitazo.
Singano iyi, singano iyo:
mapasa.

Usiku ndatenthetsa chitsulo.
Miyendo isanu ndi umodzi, dontho lililonse la mtovu
utsi wake kundilasa m'maso.
Ndasokoneza wolowa ndi wotuluka kamodzi,
ndatukwana chamumtima, ndamasula.
Chogwirira ndilibe;
ndaboola chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira.

Ndapotokola pang'ono.
Zii.
Pang'ononso.
Gitala uyo, pakati penipeni pa chipinda,
waima chilili, sakutsamira khoma.

Kanthu aka sikawonjezera kalikonse.
Ntchito yake nkumana basi,
koma kakumana mosakondera.

Sungeni watembenuka, wamwetulira kutulo, dzanja m'kamwa.
Ndatenga utoto wa zikhadabo wa amayi ake
nkudontheza kadontho kofiira pachitinipo:
malire ndi apa.
Mawa akaweruka ndiyankha mlandu wa utotowo.