Makotesheni Atatu

Ndimagwira ntchito usiku, ku wodi ya ana,
choncho tulo tanga ndi ta masana,
koma dzuwa la Okutobala kuno ku Machinjiri
silidziwa kuti wina anachezera.
Ikamakwana leveni malata amayamba kuthetheka,
siling'i imapuma moto ngati uvuni wa mabanzi,
ine gone pasimenti, chitenje chonyowa kumaso,
kuwerenga mabanga amene mvula ya chaka chatha
inasiya pamwamba pa bedi langa.

Oyamba anabwera pa galimoto yolembedwa dzina m'mbali.
A Makwinja. Nsapato zawo sizinaponde makwerero.
Anayeza denga ndi maso ali pageti, dzanja pamphumi,
nati: Mayi, apa n'kusasula zonse.
Malata autoto, matabwa atsopano,
ndi pepala lonyezimira lija loyala kunsi kwa malata.
Kotesheni inabwera yotayipa, ya chidindo,
kumapeto kwake nambala yaitali
ngati sitima ya malasha.
Ndinaipinda kanayi n'kumadzikupiza nayo.

Wachiwiri, Chipojola, anandilozera ndi mnzanga wa kukwaya.
Analemba pa pepala la thumba la simenti
ndi pensulo imene amapachika kukhutu:
misomali makilo atatu, phula, leba.
Mtengo wake unali wozuna ngati nzimbe.
Nditafunsa za kutentha anaseka:
Dzuwa n'la Mulungu, mayi, ine ndimatseka modontha.
Anafuna theka la ndalama tsiku lomwelo,
ati zinthu ku Limbe zimakwera mtengo
munthu ukadali pamzere.
Pamenepo pokha sananame.

Wachitatu anachedwa ndi masiku awiri,
anafika pa kabaza, tochi m'thumba la ovolosi.
Nasibeko. Wamfupi, wosalankhulitsa.
Mpando anaukana, anapempha makwerero,
natsegula kachitseko ka m'siling'i
kamene chigulireni nyumba ino sindinakakhudzepo.
Ndinamumva akukwawa pamwamba pa mutu wanga,
akugogoda apa, akukhosomola apo.
Anatsika thukuta lili kamukamu,
ulusi wa kangaude m'tsitsi,
zitosi za mileme paphewa.

Anati: Denga lanu silipuma.
Omanga anakweza njerwa mpaka kukhudza malata,
osasiya ngakhale kabowo kolowa chala.
Mpweya wotentha ulibe kolowera,
umazungulira m'menemo n'kutsikira kwa inu.
Tiboole khoma uku ndi uko, mphepo izidutsa,
tiike sefa kuti mileme isabwerere.
Malata amene afa ndi asanu, enawo asiyeni.
Koma phaso lina chiswe chadya mpaka pamtima,
limenelo musagone nalo mvula ino.
Pepala lonyezimira likudikirani,
mudzayala chaka chimene thumba lidzalole.

Yake inabwera pafoni, cha m'ma thuu usiku,
ndili pa bedi seveni, kumvetsera chifuwa cha khanda
chikukoka mpweya ngati chitseko cha dzimbiri.
Ndinaiwerenga m'khonde la wodi, mzere ndi mzere.
Inaposa ya Chipojola ndi fizi ya temu imodzi,
ndipo pansi pake analembapo:
malipiro ntchito ikatha.

Lero onse atatu ali pathebulo,
mapepala awiri nditawatsindika ndi botolo la mchere,
foni pambali.
Malipiro anga ndi pa twente-seveni,
Tadala akufuna nsapato, madzi sindinalipire,
ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana
kuseri kwa phiri la Ndirande
ngati anthu amene amva za ngongole yako.

Sindinayimbire aliyense.
Ndangokwera pampando, ndaika chikhato pa siling'i
momwe ndimachitira pamphumi pa mwana wa eni,
ndipo dzanja langa, limene silinaphunzire za matabwa,
lawadziwa matendawa.
Wodwala wopuma movutika
sitiyamba ndi kumugulira malaya.