Madigiri Khumi ndi Awiri

Bambo anaimba foni Lachitatu kusanache bwino:
"Bogna, makina aja akalamba. Supu akutuluka wozizira."
Ndinakwera tramu kudutsa mzinda wa Łódź,
chipale chofewa chitadetsedwa ndi matayala,
m'chikwama muli jagi yagalasi, supuni yapulasitiki
ndi choyezera kutentha chimene anandipatsa iwo
tsiku lomwe ndinayamba ntchito.

Zaka makumi atatu anakonza zamagetsi kuseri kwa msika,
a Mieczysław a zala zodzaza zipsera.
Ndiwo anandiphunzitsa: usamvere mwini wake,
usakhulupirire cholembedwa kumbuyo.
Funsa madzi. Madzi sakondera.

Nditatsegula chitseko cha mayikulowevu
ndinapezamo mbale ya supu wa biti,
mafuta ataundana pamwamba, supuni ili momwemo.
Ndinaichotsa osanena kanthu.

Lita imodzi, osapitirira mzere.
Ndinavundula, ndinayeza: madigiri khumi ndi limodzi.
Jagi pakati, mphamvu yonse, mphindi imodzi.
Kanyale kachikasu kanayaka,
madzi anayamba kuzungulira pang'onopang'ono
ngati mlendo wosadziwa pokhala m'nyumba ya eni.
Bambo anaima kumbuyo kwanga, manja m'thumba la juzi,
milomo ikuwerenga masekondi
monga ankachitira ndili ndi zaka khumi,
nditaima pa bokosi la mawaya kuti ndione patebulo.

Belu.
"Vundula kaye," anatero. "Otentha amathawira pamwamba."
Ndinavundula. Makumi awiri ndi atatu.
Akwera khumi ndi awiri.
Ndisanagwire pensulo iwo anali atachulukitsa kale
ndi makumi asanu ndi awiri:
"Mawati mazana asanu ndi atatu, kuphatikiza makumi anayi."
Kumbuyo analembapo mazana asanu ndi anayi.
Pang'ono potsalapo padyedwa ndi galasi la jagi,
ndi mpweya wa m'khitchini, ndi zaka.
Palibe makina okwana zimene analonjeza.

Ndinakhuthula, ndinatunga ena, ndinadikira kuti izizire.
Kachiwiri madzi ananena zomwezo.
Makina ali bwinobwino.

"Tenthetsani supu, bambo, ndione mmene mumachitira."
Anaika mbale, anatseka, anadina mabatani osalakwitsa,
kenaka anapita pazenera.
Pansipo tramu inaima, anthu anatsika,
mayi wa chipewa chobiriwira, ana awiri, wina ndi galu.
Anawaona mmodzimmodzi mpaka womaliza.
Amayi ankatsikira pamenepo, faifi koloko,
dzinja lapitali lisanawatenge.

Belu linalira katatu.
Sanacheuke.
Ndinayang'ana wotchi yanga mwachizolowezi cha ntchito:
mphindi zisanu, khumi,
nthunzi ikutha pagalasi la chitseko,
makumi awiri, tramu ina, kenaka ina.
Ndikudziwa kuwerengera kutentha kolowa m'madzi.
Kotuluka mwakachetechete chonchi
sanandiphunzitse.

Atatembenuka anatsegula, napisa chala m'mbale.
"Waona? Wozizira."
Maso awo anali a mmisiri amene wagwira vuto,
owala, odikira kuti ndivomereze.

Ndinali ndi manambala onse papepala.
Ndinalipinda kanayi, ndinaliika m'thumba.
"Mwina mphamvu imasinthasintha," ndinatero.
"Kuyesa tsiku limodzi sikokwanira.
Ndizibwera madzulo, tiziyesa limodzi, sabata yonse."
Anagwedeza mutu: "Ndi mmene ndikanachitira."

Ndinabwezeramo mbale, mphindi ziwiri ndi theka,
ndinaima pomwepo mpaka belu.
Tinadya ndi buledi wakuda, mawondo akugundana pansi pa tebulo.
Anapsa lilime, anapemerera supuni,
anatukwana pang'ono,
nandifunsa ngati jagi ndiisiya konkuno.